Kupatsa N'kuika: Mbiri ya Nkhokwe ya Zithunzi za Landsat

Pakati pa minda ya chimanga, kumpoto kwa mzinda wa Sioux Falls m'chigawo cha South Dakota ku United States, pali nyumba yosungiramo nkhope ya dziko lapansi monga yakhala ikuonekera kuchokera mlengalenga kuyambira mu 1972. Malowa amatchedwa EROS, ndipo ali m'manja mwa USGS, nthambi ya boma la America yoona za nthaka, miyala, madzi ndi mapu. M'menemo muli zithunzi mamiliyoni ambiri zojambulidwa ndi masetilaiti a Landsat: nkhalango zisanadulidwe, nyanja zisanaphwe, mizinda ikadali timidzi. Munthu akamva za nkhokwe yotere amangoganiza kuti chinaipulumutsa ndi makoma olimba ndi maloko. Mbiri yake ikutsutsa ganizo limeneli. Zaka zimene zithunzizi zinatchingidwa ndi mtengo wokwera ndi zomwenso nkhokweyo inaonda, ndipo zambiri mwa zimene ili nazo lero inazilandira kuchokera kwa anthu akunja amene inawalola kusungako zawo. Akale anati kupatsa n'kuika. Pa nkhani ya zithunzi za setilaiti mwambiwu ukufotokoza ndendende mmene ntchito yosunga imayendera, pakuti kusunga ndi kugawana sizinakhalepo ntchito ziwiri zosiyana.

Chiyambi chake chinali mu 1966, pamene Stewart Udall, nduna yoyang'anira malo ndi zachilengedwe, pamodzi ndi William Pecora, mkulu wa USGS, analengeza kuti akufuna setilaiti yoyang'ana minda, nkhalango ndi madzi, osati ya asilikali kapena ya zanyengo. Bungwe la NASA linaimanga, ndipo inaulutsidwa pa 23 July 1972 kuchokera ku Vandenberg ku California, patangodutsa masiku ochepa Pecora atamwalira. Poyamba inkatchedwa ERTS-1, ndipo dzina la Landsat linabwera mu 1975. Inanyamula makamera atatu onga a wailesi yakanema amene ambiri ankawadalira, komanso chipangizo choyesera chotchedwa MSS chimene anachikonza Virginia Norwood wa kukampani ya Hughes. Makamera aja anazimitsidwa pasanathe mwezi chifukwa cha vuto la magetsi, ndipo ntchito yonse inagwera chipangizo cha Norwood. Icho chinkasesa nthaka ndi kagalasi kogwedezeka, n'kuyeza kuwala kochokera pansi ndi kukusandutsa manambala. Chinkajambula mzere wa makilomita 185 m'lifupi, kadontho kalikonse ka pachithunzi kakuimira malo a mamita pafupifupi 80, ndipo setilaitiyo inkabwerera pamalo omwewo pakatha masiku 18. Apa m'pamene panagona phindu ndi vuto lomwe. Manambala angathe kuyerekezedwa chaka ndi chaka mosakondera, koma sakhala pakhoma ngati chithunzi cha ukwati. Amafuna tepi yowasungira, makina owerengera tepiyo, ndi munthu wodziwa tanthauzo lake.

Matepi amene setilaiti inanyamula anali ochepa malo ndipo ankawonongeka msanga, choncho njira yodalirika inali yoti itumize zimene ikuona nthawi yomweyo ku siteshoni yapansi imene ili pafupi. America inalola mayiko ena kumanga masiteshoni awo, kulipira ndalama yapachaka, ndi kusunga zimene alandira. Canada inayamba ku Prince Albert mu 1972, Brazil ku Cuiabá mu 1973, kenako kunabwera Fucino ku Italy, Kiruna ku Sweden, Alice Springs ku Australia, ndi Hartebeesthoek kufupi ndi Pretoria ku South Africa, siteshoni imene dera lake lolandirira limakwirira kum'mwera konse kwa Africa, Malawi ndi Zambia zomwe. Lamulo linali lakuti zithunzi zigulitsidwe kwa aliyense mosasankha dziko lake, ndipo mtengo wa ku EROS unali wotsika, wongobweza ndalama zokopera. Palibe amene panthawiyo ankaona masiteshoni akunjawa ngati nkhokwe za mtsogolo. Anali njira chabe yozembera vuto la matepi. Koma zotsatira zake zinali zakuti mbewu inafalikira m'makomo ambiri, ndipo mwini wake weniweni analibe ngakhale theka la zokolola zonse.

Zinthu zinatembenuka pamene boma linaganiza kuti Landsat izidzidyetsa yokha. Mu 1979 Pulezidenti Jimmy Carter anaipereka ku NOAA, bungwe la boma loona zanyengo ndi nyanja, ndi cholinga choti pambuyo pake ipite m'manja mwa amalonda. Mu 1984 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lololeza zimenezi, ndipo mu 1985 kampani ya EOSAT, yopangidwa ndi Hughes ndi RCA, inatenga ntchito yoyendetsa masetilaiti ndi kugulitsa zithunzi. Mtengo wa chithunzi chimodzi cha chipangizo chatsopano cha TM, chimene kadontho kake kanali ka mamita 30, unakwera mpaka kufika madola 4,400, ndipo wogula sankaloledwa kugawira anzake. Masukulu aukachenjede ndi maofesi aboma a mayiko osauka anangochoka pamsika. Ofufuza ambiri anasamukira ku zithunzi za masetilaiti a zanyengo, zimene kadontho kake n'koposa kilomita imodzi, poti izo zinali zotsika mtengo. Choipa kwambiri chinali chosaoneka ndi maso panthawiyo. Kampani imajambula chimene chili ndi wogula, ndipo sitingaidzudzule pa zimenezo chifukwa ndiyo ntchito ya kampani. Malo amene analibe wogula nthawi zambiri sankajambulidwa n'komwe, ngakhale setilaiti ya panthawiyo inkadutsa pamwamba pake masiku 16 alionse.

Landsat 5, imene inaulutsidwa pa 1 March 1984, inalibe tepi yosungira mkati mwake. Inapangidwa kuti izitumiza zithunzi kudzera m'masetilaiti ena olandirana uthenga, koma chipangizo chake cholankhulira nawo chinawonongeka patapita zaka zochepa. Kuyambira pamenepo inkangotha kutumiza zimene ikuona ngati pansi pali siteshoni yotchera khutu. Inakonzedwa kuti igwire ntchito zaka zitatu, koma inagwira pafupifupi zaka 29 mpaka mu 2013, ndipo kwa nthawi yaitali ya moyo wake, chilichonse chimene inaona kunja kwa America chinagwera m'manja mwa masiteshoni akunja okha. Kumene kunalibe siteshoni, monga madera akuluakulu a pakati ndi kumadzulo kwa Africa ndi a ku Siberia, kunatsala mipata ya zaka zambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1990. Mipata imeneyi siidzatsekedwa ndi ndalama zilizonse. Buku likapsa mungafunse ngati wina ali ndi linzake, koma tsiku limene silinajambulidwe linapita. N'chifukwa chake ntchito yosunga imayambira pa chisankho choti tijambule ngakhale wogula sanaoneke, poti amene adzazifunitsitsa zithunzizo mwina akadali kusukulu ya pulayimale.

Mu 1989 ndalama zinatheratu, ndipo NOAA inalamula kuti Landsat 4 ndi 5 zizimitsidwe. Zinapulumuka mwamwayi pamene bungwe loona za mlengalenga lotsogozedwa ndi wachiwiri kwa pulezidenti, Dan Quayle, linapeza ndalama zadzidzidzi. Nyumba ya malamulo inavomereza kuti njira yamalonda yalephera, ndipo mu 1992 inakhazikitsa lamulo latsopano lobwezera Landsat 7 m'manja mwa boma ndi kuika udindo wosunga nkhokwe ya dziko lonse kwa nthawi yaitali pa unduna umene USGS ili pansi pake. Landsat 6, yomwe inali ya EOSAT, inalephera kufika m'njira yake mu October 1993. Landsat 7 inaulutsidwa pa 15 April 1999 ili ndi chosungira chake mkati komanso ndondomeko yojambula mtunda wonse wa dziko nyengo ndi nyengo, kaya wogula alipo kaya palibe. Mtengo unatsikira pa madola 600, ndipo chiletso chogawana chinachotsedwa. Ngakhale zinali choncho, m'chaka cha 2001, chimene malonda anayenda bwino koposa, zinagulidwa zithunzi pafupifupi 25,000 zokha. Nkhokwe inali itayambanso kudzaza, koma otapamo anali ochepa, ndipo aliyense ankagula chithunzi chimodzi kapena ziwiri za dera lake, osatha kuona mndandanda wa zaka umene ndiwo chuma chenicheni.

Pa nthawi yonseyi matepi ankakalamba. Guluu amene amamatira utoto wa maginito pa tepi amayamwa chinyontho, tepi n'kuyamba kumata, ndipo ukaiika m'makina imasupuka n'kusiya zimene inasunga zitamatirira pa chitsulo chowerengera. Mankhwala ake ndi odabwitsa: tepiyo amaiika mu uvuni wa kutentha pang'ono kwa maola ambiri kuti chinyontho chichoke, kenako amaiwerenga msanga ndi kukopera zonse kwina isanabwerere mwakale. Makina owerengera nawo amatha, makampani owapanga amatseka, ndipo amisiri amene ankawadziwa amapuma pantchito. Choncho ku EROS akhala akusamutsa nkhokwe yonse kuchoka pa matepi a mtundu wina kupita pa a mtundu wina kangapo konse. Mlimi amadziwa kuti mbewu yosungidwa m'chigubu zaka khumi osabzalidwa imafa, ndipo yokhalitsa ndi imene imabzalidwa chaka chilichonse n'kusungidwanso. Zimene zinaiwalika pashelefu zinapulumuka mwamwayi basi. Zithunzi za setilaiti ya Nimbus 1 za mu 1964 zinakhala pa mafilimu m'zitini kwa zaka zoposa 40, mpaka ofufuza a ku Boulder ku Colorado anazikopera m'kompyuta n'kupezamo malire a madzi oundana ozungulira Antarctica monga analili chaka chimenecho. Zithunzi zoposa 800,000 za masetilaiti aukazitape a Corona, zojambulidwa pakati pa 1960 ndi 1972, zinayamba kuthandiza ofufuza za nkhalango ndi mabwinja akale pokhapokha Pulezidenti Bill Clinton atalamula mu 1995 kuti chinsinsi chake chichotsedwe.

Dziko limene linayamba kutsegula chitseko ndi Brazil. Mu 2004 bungwe lake la INPE linayamba kupereka kwaulere pa intaneti zithunzi za setilaiti ya CBERS, imene linamanga mogwirizana ndi China, ndipo ofuna zithunzi anachuluka modabwitsa. Mu 2008 USGS inatsatira, n'kutsegula nkhokwe yonse ya Landsat kwa aliyense popanda kulipira. Pasanathe chaka anthu anali atatenga zithunzi zoposa 1 miliyoni, ndipo pofika mu 2020 chiwerengero chinadutsa 100 miliyoni. Chinasintha kwambiri ndi mtundu wa mafunso amene anthu anayamba kufunsa. Mu 2013 gulu lotsogozedwa ndi Matthew Hansen wa ku University of Maryland linagwiritsa ntchito zithunzi za Landsat 7 zoposa 650,000 pa makompyuta a Google kupanga mapu a nkhalango za dziko lonse, ndipo linapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2012 panatayika nkhalango zokwana masikweya kilomita 2.3 miliyoni. Pa mtengo wa madola 600 chithunzi chimodzi, ntchito imeneyi ikanafuna ndalama zoposa madola 390 miliyoni pogula zithunzi zokha, kutanthauza kuti palibe akanaiyamba. Kuchuluka kwa ogwiritsa ntchito kunakhalanso ulonda. Maso ambiri amapeza chithunzi chopindika, manambala olakwika ndi tsiku losowa, zimene wosunga yekha sakanaziona.

Umboni waukulu wa mwambi uja unabwera mu 2010, pamene USGS inayamba ntchito yosonkhanitsa ku EROS zonse zimene masiteshoni akunja anasunga. Matepi anachokera kumayiko osiyanasiyana, ena osamalidwa bwino, ena atakhala zaka m'zipinda zotentha ndi zachinyontho, olembedwa m'njira zimene makina ake anasowa kalekale. Amisiri anafunafuna zida zakale, kuzikonza, kuumitsa matepi mu uvuni ndi kulembanso mapulogalamu omasulira manambalawo. Pofika kumayambiriro kwa 2015 nkhokwe inali ndi zithunzi 5.5 miliyoni, ndipo 3.2 miliyoni mwa izo zinachokera m'ntchito yosonkhanitsayi. Ndiko kuti zoposa theka la chuma cha mwini setilaiti zinali zitasungidwa ndi anthu ena. America ikanakana kuti mayiko ena amange masiteshoni m'zaka za m'ma 1970, poopa kuti chuma chake chingatayike, lero mbiri ya zaka za Landsat 5 kunja kwa malire ake ikanakhala yochepa kwambiri. Nawonso masiteshoni akanaumira matepi awo, ambiri akanaolera m'manja mwawo. Atawapereka, anawalandiranso atakonzedwa, atalinganizidwa ndi anzawo, ndipo akupezeka kwa ofufuza a kwawo komweko popanda mtengo.

Wina angatsutse kuti chaulere chilibe, ndipo akunena zoona. Setilaiti imodzi ya Landsat imadya madola mamiliyoni mazanamazana, olipira ndi okhoma msonkho a ku America, pamene otapa ali padziko lonse. Funso limeneli linabukanso mu 2018, boma litapempha gulu la alangizi kuti liunike ngati n'kotheka kuyambanso kulipiritsa, ndipo alangiziwo anayankha mu 2019 kuti ayi. Yankho lawo likugwirizana ndi mbiri. Ndalama zambiri zimathera pomanga ndi kuulutsa setilaiti, koma kukopera munthu wina chithunzi chimene chilipo kale kumadya zochepa zedi. Kale lomwe ogula aakulu anali nthambi za boma lomwelo, ndiye ndalama zinkangochoka m'thumba lina kulowa m'thumba lina la malaya amodzi, pamene ena onse atsekeredwa kunja. Zoona, makampani ojambula zithunzi zooneka bwino kwambiri amachita malonda ndipo amapindula, koma amagulitsa zithunzi za lero kwa amene akuzifuna lero. Palibe msika umene ungalipire munthu kuti ajambule dambo lopanda mwini kwa zaka 50 ndi kusamala matepi ake. Njira imeneyo inayesedwa kuyambira mu 1985, ndipo chimene inasiya ndi mipata.

Wina angafunsenso kuti zithunzi zosaoneka bwino za mu 1973 n'zantchito yanji masiku ano pamene masetilaiti amatha kuona galimoto pamsewu. Yankho n'lakuti chithunzi chatsopano chimakuuza mmene malo alili, koma sichingakuuze ngati asintha. Aliyense wofuna kudziwa ngati Nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1995 n'kuphwanso kwambiri mu 2018, ikungotsata chizolowezi chake chakale kapena ikuphwa mowirikiza kusiyana ndi kale, ayenera kukhala ndi zaka zambiri zondondozana, zonyowa ndi zouma zomwe. N'chimodzimodzi ndi Nyanja ya Chad, Nyanja ya Aral ndi nkhalango za Rondônia ku Brazil. Chithunzi chakale chimakwera mtengo pamene chikukalamba, chifukwa china chonga icho sichidzapezeka. Koma phindu limeneli limadalira chinthu chimene chimaiwalika msanga, ndicho zolemba za mmene chipangizo chilichonse chinkayezera kuwala. Popanda izo simungadziwe ngati nkhalango yasintha mtundu kapena ndi diso la setilaiti limene lakalamba. N'chifukwa chake akatswiri amayesera zipangizo zawo pa mchenga wa m'chipululu cha Libya, umene kuwala kwake sikusinthasintha, ndipo Landsat 9 itangoulutsidwa mu 2021 anaiyendetsa pansi pa Landsat 8 kuti ziwirizi zijambule malo amodzi nthawi imodzi. Ngakhale Landsat 7, imene kuyambira pa 31 May 2003 zithunzi zake zinkatuluka ndi mizere yopanda kanthu yokwana pafupifupi 22 peresenti, sanaitaye, ndipo zithunzi zake zong'ambikazo zinalowa nawo m'mapu a nkhalango a mu 2013 aja.

Chitsutso cholemera koposa n'chakuti kusonkhanitsa zonse m'nkhokwe imodzi kumaika dziko lonse pachifundo cha boma limodzi, limene linasinthapo maganizo kale ndipo lingasinthenso. Komanso chaulere ku Sioux Falls sichifika chaulere kwa wophunzira amene ayenera kugula bando ya intaneti kuti atsitse chithunzi cholemera. Izi sizingakanidwe. Koma mankhwala ake ndi kuchulukitsa nkhokwe, osati kubweza matepi m'zipinda zotsekedwa. Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa ndondomeko ya Copernicus, ndipo zithunzi za masetilaiti awo a Sentinel, amene woyamba anaulutsidwa mu 2014, n'zaulere kuyambira pachiyambi. Bungwe lawo la zamlengalenga, ESA, likusamalabe zimene setilaiti ya ERS-1 inasonkhanitsa kuyambira mu 1991 ndi za setilaiti ya Envisat, imene inangoleka kulankhula mwadzidzidzi mu April 2012. Komiti ya CEOS, yokhazikitsidwa mu 1984, imasonkhanitsa mabungwe a zamlengalenga kuti agwirizane pa njira zosungira ndi zosinthana. Ntchito ya Digital Earth Africa, yoyamba mu 2019, imasunga zithunzi za Landsat ndi Sentinel za Africa yense pa makompyuta a ku Cape Town, kuti wofufuza aziwerengera komweko n'kutsitsa yankho lokha. Chitsutsochi chikadali ndi mphamvu, chifukwa makompyuta ambiri otere ndi a makampani ochepa akuluakulu, ndipo kampani ingasinthe mtengo mawa. Komabe chinthu chimene chakopedwa m'malo asanu n'chovuta kuchitsekera kusiyana ndi chimene chili m'malo amodzi.

Masiku ano Landsat 8 ndi 9 zikusinthana kudutsa pamwamba pa malo alionse masiku asanu ndi atatu alionse, ndipo tsiku lililonse zimawonjezera zithunzi zoposa 1,000 m'nkhokwe. Zimenezi zingatipusitse kuganiza kuti nkhondo inatha. Koma zida zosungira za lero zidzakalamba monga matepi a mu 1972, akatswiri a lero adzapuma, ndipo nduna ina idzafunsanso chifukwa chimene boma likuwonongera ndalama pa zithunzi za zaka zakale. Pa tsiku limenelo nkhokwe idzatetezedwa ndi omwewo amene anaiteteza mu 2019: anthu ambiri, m'mayiko ambiri, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku imadalira kutapamo, ndi amene asungako gawo lake kwawo. Mu 1989, pamene ogwiritsa ntchito anali ochepa, panangotsala pang'ono kuti masetilaiti awiri athanzi azimitsidwe chifukwa cha ndalama za miyezi yowerengeka. Dziko kapena bungwe lililonse limene lili ndi matepi akale m'chipinda chake, kaya a setilaiti kaya mafilimu a zithunzi zojambulidwa pandege, liyenera kudziwa kuti chinyontho chikugwira ntchito yake usiku ndi usana, ndipo njira yokhayo yozipulumutsira ndi kuzitulutsa, kuzikopera ndi kupatsako ena.